Kodi kompyuta ya kuchipatala ndi yomwe inapereka dzina la mayi anga kwa akathyali?

Funso: Mayi anga amakhala kumudzi ku Dedza ndipo amalandira mankhwala a BP ndi shuga pachipatala china. Chaka chino anawamatira kasitika ka mizeremizere m'buku lawo la kuchipatala, n'kuwauza kuti mbiri yawo tsopano ili m'kompyuta. Patangopita milungu yochepa munthu wina anawaimbira foni, kuwatchula dzina lonse, n'kunena kuti ndi wa zaumoyo ndipo odwala BP akulandira thandizo la K150,000. Anawauza zoti adine pafoni, iwo n'kudina, ndipo K60,000 yomwe ndinawatumizira ya feteleza inapita. Inenso kuntchito ndalandira imelo yoti akaunti yanga itsekedwa ndikapanda kulemba pasiwedi pa linki ina yake. Kodi zonsezi zikuchokera ku kompyuta ya kuchipatala ija? Ndiwauze mayi akane kulembedwa m'makinawa? Wowerenga wa ku Lilongwe.

Yankho: Pepani kwambiri chemwali, ndipo mundipepesereko kwa mayi. Ndalama ya feteleza imapweteka kawiri, lero komanso nthawi yokolola. Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza: musawauze kuti akane. Sindikunena kuti makina a m'zipatala zathu alibe pobowoka, ndifotokoza pomwe pamadontha. Koma pa nkhani ngati ya mayiyi, wakuba safunika n'komwe kufika pa kompyuta ya chipatala. Zonse zomwe anagwiritsa ntchito zimapezeka kwina mosavutikira, ndipo mukathera mphamvu zanu pa chipatala, njira yeniyeni yomwe anadzera ikhalabe yotsegula.

Kasitika kaja kanayamba kale kuposa momwe ambiri amaganizira. M'chaka cha 2001, ku mbali ya ana pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero timati Kamuzu Central, gulu lotsogozedwa ndi Gerry Douglas linaika timakompyuta tongodina ndi chala pagalasi. Ntchito imeneyi ndi yomwe inakula n'kudziwika ndi dzina la Baobab Health Trust. Vuto lomwe ankalimbana nalo aliyense wogwira ntchito m'chipatala amalidziwa: munthu mmodzi amalembedwa kangapo ngati anthu osiyana, lero dzina lalembedwa ndi l, mawa ndi r, tsiku lobadwa palibe, mudzi wasintha chifukwa wakwatiwa. Choncho anaganiza zopatsa wodwala aliyense nambala yakeyake, n'kuisindikiza ngati barcode pa sitika yomata m'buku. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, odwala anachuluka mpaka mapepala anayamba kulephera, ndipo mu 2006 makina amtunduwu anayamba kugwira ntchito ku kiliniki ya ma ARV ya pa Queen Elizabeth ku Blantyre. Kuchokera pamenepo anafalikira m'zipatala zambiri m'dziko muno. Anawapanga oyendera mabatire chifukwa opangawo ankadziwa bwino khalidwe la magetsi athu.

Mizere yakudayo si mbiri ya matenda ayi. Ndi nambala chabe, yolembedwa m'njira yoti makina awerenge msanga. Dzina ndi mudzi zimalembedwa pambali pake m'zilembo zoti aliyense awerenge, monga momwe zilili kale pachikuto cha bukulo. Mbiri yeniyeniyo imakhala mu seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse, kawirikawiri m'kachipinda kokhoma pachipatala pomwepo, ndipo wofuna kuiona ayenera kulowa ndi dzina ndi pasiwedi. Malipoti a mwezi ndi mwezi omwe amapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu mpaka ku unduna amadzera mu pulogalamu ya DHIS2, ndipo ambiri mwa iwo ndi ziwerengero: odwala malungo angati, amayi ochira angati, a shuga angati.

Phindu lake kwa mayi ndi lenileni, ndipo ndikufuna mulione musanaganize zowachotsamo. Matenda a BP ndi shuga sachizidwa ndi ulendo umodzi. Dokotala amafuna kuona momwe manambala akhala akuyendera miyezi isanu ndi umodzi, chaka, zaka ziwiri. Amafuna kudziwa ngati mankhwala a BP a enalapril anawakhosomoletsa kuti asawapatsenso, ngati impso zayamba kufooka kuti aunikenso mlingo wa mankhwala a shuga a metformin, ngati Bactrim anawatulutsa zidzolo zaka zapitazo. Buku limanyowa, limadyedwa ndi chiswe, limadzaza n'kugulidwa latsopano lopanda kanthu. Namondwe wa Freddy atagwa m'chigawo chakummwera mu Malichi 2023, mabuku a kuchipatala a anthu ambiri anapita ndi madzi pamodzi ndi mankhwala awo. Munthu wotere akafika pachipatala chimanjamanja, osakumbukira dzina la mankhwala koma mtundu wa botolo, zomwe zili mu seva ndi zomwe zimamupulumutsa ku kuyambiranso.

Tsopano pomwe pamadontha. Pa ntchito yanga yoika ndi kukonza makinawa, choopsa chomwe ndimakumana nacho kawirikawiri si katswiri wa kunja wothyola seva. Ndi pasiwedi imodzi yogwiritsa ntchito anthu onse a m'chipinda, yolembedwa pa kapepala komata pansi pa kompyuta. Ndi kalaliki wopita kukadya nkhomaliro osatuluka mu akaunti yake. Ndi chithunzi cha zotsatira za magazi chojambulidwa ndi foni n'kutumizidwa pa gulu la WhatsApp kuti adokotala aone msanga, cholinga chabwino ndithu, koma gululo muli anthu omwe anasiya ntchito kalekale. Ndi fulashi yokhala ndi maina a odwala yoiwalika m'thumba la jekete. Ndiponso, tisabisane, ndi pakamwa: wogwira ntchito wochokera m'mudzi womwewo yemwe walephera kusunga zomwe waona. Izi zinalipo nthawi ya mapepala, ndipo kompyuta ili ndi ubwino umodzi womwe fayilo ya pepala ilibe. Ikakonzedwa bwino imasunga m'ndandanda wa yemwe analowa, nthawi yanji, ndipo anachita chiyani. Koma m'ndandandawo umagwira ntchito pokhapokha aliyense akhale ndi akaunti yakeyake. N'chifukwa chake nkhani ya kubwerekana pasiwedi imandipweteka mtima kwambiri, chifukwa imapha chitetezo chokhacho chomwe wodwala wosauka ali nacho.

Akuba akuluakulu othyola makina aliponso, sindingakane. Pa 12 Meyi 2017 kachilombo ka pakompyuta kotchedwa WannaCry kanatseka makina m'zipatala zambiri za boma (NHS) ku Britain, ndipo maulendo okaonana ndi dokotala komanso maopaleshoni pafupifupi 19,000 analephereka. Mu Juni 2024 malabu a boma ku South Africa, a National Health Laboratory Service, anathyoledwa ndipo zotsatira za magazi zinachedwa kwa milungu ingapo. Kuno kwathu mukukumbukira kumayambiriro a 2024 pomwe kusindikiza mapasipoti kunaima, ndipo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina anathyoledwa ndi anthu ofuna dipo. Nkhani yoipitsitsa pa za odwala inachitika ku Finland mu 2020, pomwe zolemba zachinsinsi za anthu oposa 30,000 omwe ankalandira uphungu wa maganizo ku kampani ya Vastaamo zinabedwa, ndipo wakubayo anayamba kulembera odwalawo mmodzimmodzi kuti alipire apo ayi aulula. Anagwidwa, ndipo mu 2024 anagamulidwa kukakhala kundende zaka zoposa zisanu ndi chimodzi. Koma onani mtundu wa umbavawu. Akuba otere amatseka makina a bungwe lonse n'kufuna mamiliyoni, kapena amaopseza kuti aulula. Saimba foni ku Dedza kudzalonjeza thandizo la K150,000.

Nanga dzina la mayi analipeza kuti? Yesani nokha lero. Tengani foni, yambani ngati mukutumiza ndalama ku nambala ya mnzanu, ndipo nthawi zambiri musanalembe PIN muona dzina lake lonse likubwera kuti mutsimikize. Chinaikidwa kuti chititeteze ku kutumiza kolakwika, ndipo chimathandizadi. Koma kuyambira pomwe simu kadi iliyonse inayamba kulembetsedwa ndi chiphaso mu 2018, wakuba angathe kungolemba manambala motsatizana n'kumakolola maina enieni. Palinso kabuku ka ejenti kamene kamakhala chotsegula pa tebulo pamsika, momwe muli dzina, nambala, ndalama yomwe yatapidwa ndi siginecha, ndipo aliyense woima pamzere angathe kukajambula. Pali mindandanda ya olandira zipangizo zaulimi zotsika mtengo, ya Mtukula Pakhomo, ya banki m'khonde, ya mvano wa amayi kutchalitchi, yomwe imajambulidwa n'kuyenda m'magulu a WhatsApp. Pali mafotokope a chiphaso chaunzika otsala m'dengu la zinyalala pa sitolo yojambulira. Dzina ndi nambala ya foni ndi katundu wotchipa zedi masiku ano.

Za BP zija n'zosavuta kuposa apo. Kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo kwa achikulire n'kuposa pamenepo. Wakuba akamva mawu a mayi wachikulire n'kunena kuti "thandizo la odwala BP ndi shuga", amakhala akuponya mwachisawawa koma pamalo poti kuphonya n'kovuta. Akaphonya amadula n'kuimbira wina. Ndiye khalani pansi ndi mayi, modekha, muwafunse momwe kuyankhulana kunayendera. Anayamba kutchula BP ndani? Kawirikawiri zimapezeka kuti woimbayo anangofunsa kuti "paja amayi mumalandira mankhwala anji?" ndipo iwo, mwaulemu wawo, anayankha zonse, mpaka dzina la chipatala. Pambuyo pake munthu amakumbukira ngati kuti mlendoyo ankadziwa kale.

Funso limeneli lili ndi mbali ina yofunika. Ngati woimbayo anatchula yekha, asanauzidwe, zinthu zopezeka m'fayilo mokha, monga tsiku lomwe mayi akuyenera kubweranso, maina a mankhwala awo, kapena nambala ya pa sitika, pamenepo chikaiko chanu chili ndi maziko. Chimodzimodzinso mukamva kuti anzawo angapo a kiliniki yomweyo aimbiridwa m'sabata imodzi. Zikatero pitani kwa mkulu wa chipatalacho kapena kwa ombudsman wa pachipatala, wolandira madandaulo a odwala, amene alipo m'zipatala zambiri za boma, mukapereke dandaulo lolemba n'kupempha kuti aone omwe anatsegula fayilo ya mayi m'masiku amenewo. Lamulo lili mbali yanu. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limateteza chinsinsi cha munthu. Lamulo la Data Protection Act lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2024 limaika mbiri ya zaumoyo m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera, limakupatsani ufulu wodziwa zomwe bungwe likusunga za inu ndi kukonzetsa zolakwika, ndipo bungwe loyang'anira ndi MACRA. Wogwira ntchito woulula za wodwala angathenso kukasumiridwa ku Medical Council of Malawi kapena ku Nurses and Midwives Council. Kudandaula motere kumakonza chipatala, pomwe kuwachotsa mayi m'makina kumangowasiya opanda mbiri.

Tibwerere pa foni paja, chifukwa pamenepo ndiye pagona nkhani. Munthu wotere sanena kuti "nditumizireni ndalama". Akanatero mayi akanadula nthawi yomweyo. Amati, "Amayi, dzina lanu latuluka, koma akaunti yanu sinatsegulidwe kuti ilandire ndalama zambiri. Tiitsegule limodzi, musadule." Amayamba n'kuwauza kuti aone ndalama zotsala, akuti pofuna kudziwa ngati akaunti ili ndi malo, ndipo apo wadziwa kale zoti atenge. Kenako amawayendetsa pang'onopang'ono. Dinani nyenyezi, dinani izi, sankhani chakuti. Apa lembani nambala ya fayilo yanu, ndikuwerengerani. Nambala ya fayiloyo ndi foni ya wakubayo kapena kodi ya ejenti. Apa lembani nambala yotsimikizira: sikisi, ziro, ziro, ziro, ziro. Satchula kuti sikisite sauzande, amatchula imodziimodzi kuti khutu lisamve kuti ndi ndalama. Pomaliza amati, "Tsopano lembani PIN yanu, musandiuze ine, imeneyo ndi yachinsinsi chanu." Mawu omalizawa ndi omwe amagwetsa anthu ochenjera, chifukwa tonse tinaphunzitsidwa pawailesi kuti tisauze munthu PIN. Mayi sanauze munthu PIN. Anamvera langizo lonse lomwe anapatsidwa, koma langizolo linali loperewera.

Lokwanira ndi ili, ndipo liwafikire m'mawu osavuta: kulandira ndalama sikufuna kudina chilichonse. Kaya ndi pa *211# ya Airtel Money, *444# ya TNM Mpamba kapena ku banki, ndalama yobwera imangolowa yokha ngakhale foni ili yothima. PIN imafunika potumiza, potapa, polipira ndi poona zotsala. Aliyense wokuuzani kuti mulembe PIN kuti mulandire, akukutumizitsani.

Ndalama ikachoka siikhalitsa. Imadumphira m'manambala awiri kapena atatu, nthawi zambiri olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena osadziwa kanthu, n'kukatapidwa kwa ejenti wa kutali. Apolisi akhala akunena poyera kuti ena mwa mafoni otere amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba, mothandizana ndi anzawo akunja otapa ndalamazo. Choncho mphindi zoyambirira ndi zomwe zili ndi mwayi. Ngakhale papita masiku, imbanibe ku kampani ya foniyo pa nambala yawo yodziwika kapena pitani ku ofesi yawo, mutenge uthenga wotsimikiza uja womwe uli ndi nambala ya transaction, nthawi ndi dzina la wolandira. Musaufufute. Kaperekeni lipoti kupolisi, musunge kalata yake, ndipo mayi asinthe PIN, isakhale chaka chobadwa chifukwa chimenecho chili pa chiphaso. Sindikulonjezani kuti ndalama ibwera, kawirikawiri sibwera. Koma lipoti lanu lingatseketse nambalayo isanabere agogo ena. Ndipo chenjerani ndi foni yachiwiri. Pakapita masiku angapo wina amaimba kuti ndi wapolisi kapena wa kukampani, wakuba wagwidwa, tumizani kangachepe ka mafuta a galimoto kuti ndalama yanu ibwezedwe. Ndi anthu omwewo.

Chinthu chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse: musawakalipire mayi. Panopa akudziimba mlandu okha usiku wonse. Mukawonjezera, ulendo wina akadzaimbiridwa adzabisa, ndipo manyazi a wobedwa ndi omwe amateteza wakuba. Auzeni kuti misampha imeneyi imakola ngakhale akatswiri. Pakati pa 2013 ndi 2015 mwamuna wina wa ku Lithuania, Evaldas Rimasauskas, anatumizira Google ndi Facebook ma invoisi abodza m'dzina la kampani ya ku Taiwan yomwe inkawagulitsa zipangizo, ndipo makampani awiriwa, omwe ali ndi akatswiri a makompyuta osawerengeka, analipira ndalama zoposa madola 100 miliyoni. Palibe seva yomwe inathyoledwa. Anthu a mu ofesi ya zachuma anangokhulupirira kalata yooneka yozolowereka.

Izi zatifikitsa pa imelo yanu. Siikugwirizana ndi za mayi, zangokumana nthawi. Adiresi ya kuntchito imapezeka pa tsamba la kampani, m'maimelo otumizidwa kwa anthu makumimakumi nthawi imodzi, komanso m'mindandanda yobedwa ku masamba ena omwe munalembetsako kale. Ngati mukufuna kuona ngati yanu ili m'mindandanda yotere, tsamba la Have I Been Pwned, lomwe anakhazikitsa Troy Hunt mu 2013, limakuuzani kwaulere.

Chofunika kudziwa n'chakuti dzina looneka pamwamba pa imelo lili ngati dzina lolembedwa kuseri kwa envulopu: wotumiza amalemba lomwe wafuna, ndipo positi siifunsa. Munthu angathe kulemba kuti "IT Department" kapena dzina la bwana wanu. Pafoni vuto limakula chifukwa galasi ndi laling'ono, limangoonetsa dzinalo n'kubisa adiresi. Dinani pa dzinalo kuti adiresi yonse ioneke, muwerenge zomwe zili kumanja kwa chizindikiro cha @. Bungwe lalikulu sililemba za ntchito kuchokera ku adiresi ya Gmail. Ndipo yang'anitsitsani zilembo, chifukwa r ndi n zikagundana zimaoneka ngati m, ndipo 1 amaima m'malo mwa l.

Linki nayo ili ndi kawerengedwe kake, ndipo ambiri amaiwerenga chakumanzere pomwe mwini wake ali chakumanja. Musaidine. Pakompyuta ingoikani kalozera pamwamba pake, pafoni igwireni ndi chala osachotsa mpaka adiresi yeniyeni ionekere. Pezani kamzere kopendekera (/) koyamba pambuyo pa dzina la tsambalo, ndipo werengani mawu omaliza musanafike pa kamzereko. Tsamba la bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, ndi who.int. Mukaona who.int.lembetsani-pano.com/ntchito, mwini tsambalo si WHO ayi, ndi yemwe anagula dzina la lembetsani-pano.com, ndipo zakumanzerezo wangoziika kuti maso anu akhutire. Kaloko kakang'ono kooneka pambali pa adiresi kasakupusitseni. Kamangotanthauza kuti zomwe mukulemba zikuyenda mobisika mpaka kwa mwini tsamba, sikanena kuti mwiniyo ndi wachilungamo, ndipo masamba ambiri achinyengo ali nako.

Mukadina linki ya mtundu womwe munalandirawo, mumafika pa tsamba lofanana ndendende ndi polowera imelo yanu. Mukalemba pasiwedi limati yalakwika, mulembenso, kenako limakuponyani ku tsamba lenileni ndipo inu mumangoti netiweki inavuta. Wakuba akalowa safulumira. Amakhala chete milungu ingapo akuwerenga, kuphunzira yemwe amalipira ndani, tsiku liti, ndi mawu otani. Tsiku loyenera likafika amalembera kasitomala wanu kuchokera mu akaunti yanu yeniyeni kuti tasintha banki, lipirani ku akaunti iyi. Bungwe la FBI ku America linati mu 2023 mokha ndalama zobedwa m'madandaulo a chinyengo cha mtunduwu omwe linalandira zinafika pafupifupi madola 2.9 biliyoni. Makalata akale aja, a mwana wa mfumu wofuna kukusungitsani chuma, omwe amatchedwa 419 potsatira gawo la malamulo a milandu a ku Nigeria, ankadziwika ndi Chingerezi chothyoka. Lero musadalirenso chizindikiro chimenecho. Mapulogalamu a AI amalemba kalata yosalala, ndipo uthenga wachinyengo umabwera ngakhale m'Chichewa chomveka bwino.

Ngati simunadine, itumizeni imeloyo kwa a IT a kuntchito kwanu kuti achenjeze anzanu, kenako ifufuteni. Ngati munalemba pasiwedi, auzeni lero lomwe, musaope kudzudzulidwa, chifukwa tsiku lililonse lobisa ndi tsiku la wakuba. Sinthani pasiwedi, komanso kulikonse komwe munagwiritsa ntchito yomweyo. Ndipo onani chinthu chomwe ambiri amaiwala: m'makonzedwe a imelo muli malo a forwarding, otumizira makalata anu ku adiresi ina, ndi malamulo osankhira makalata. Akuba amasiyamo lamulo loti kalata iliyonse yokhala ndi mawu ngati invoice kapena payment izikoperedwa kwa iwo, ndipo limapitirira kugwira ntchito ngakhale mutasintha pasiwedi. Mukatha, yatsani chitetezo chachiwiri chija chofuna kodi ya pafoni polowa, pa imelo, pa Facebook ndi pa WhatsApp. Kodi ya manambala asanu ndi limodzi yomwe WhatsApp imatumiza pa SMS musapatse aliyense, ngakhale uthenga wopempha uchokere ku nambala ya mbusa wanu, chifukwa zikatero ndiye kuti akaunti ya mbusayo yabedwa kale ndipo yanu ndi yotsatira.

Pa za ntchito ndiikepo mawu amodzi, poti achinyamata athu akubedwa kwambiri pamenepa. Mabungwe a United Nations salipiritsa kalikonse pa gawo lililonse lolembera anthu ntchito. Uthenga woti mwasankhidwa koma tumizani ya fomu, ya yunifolomu kapena yoyezetsa magazi ndi wachinyengo, ngakhale ubwere ndi chizindikiro chokongola bwanji.

Mukayang'ana foni ya mayi ndi imelo yanu, kapangidwe kake n'kamodzi. Winawake ndiye wayamba kukupezani, wabwera ndi mphatso kapena chiopsezo, ndipo akuti chitani pompano osafunsa munthu. Makolo anati safunsa anadya phula, ndipo ntchito yonse ya kathyali ndi kukuletsani kufunsa. N'chifukwa chake amati musadule foni, n'chifukwa chake amati akaunti itsekedwa m'maola 24. Mankhwala ake ndi kudula, n'kuimba nokha pa nambala yomwe munali nayo kale: ya kuseri kwa khadi la banki, ya pa ofesi, ya mwana wanu. Wa banki weniweni sakwiya mukatero.

Kwa mayi, malangizo ambiri sangagwire. Apatseni chiganizo chimodzi choti azinena kwa mlendo aliyense wotchula ndalama pafoni: "Zafoni amandipangira ndi mwana wanga, muimbenso mawa." Anthu achikulire amavutika kudula foni chifukwa amaona ngati n'chipongwe, ndiye apatseni njira yaulemu yotulukira. Yesererani nawo, inu mukhale wakuba, iwo ayankhe, mpaka mawuwo azituluka okha. Mukatumiza ndalama yambiri aimbireni kaye, akatape tsiku lomwelo kwa ejenti yemwe amamudziwa, ndipo PIN azilemba okha. Ya feteleza, ngati n'kotheka, lipirani nokha kwa wogulitsa wodalirika, iwo akangotenga matumba.

Nambala yawo ya foni musaichotsetse kuchipatala. Makiliniki ena amaimbiradi odwala akaphonya tsiku lawo kapena zotsatira zikatuluka zofuna kuonana msanga, ndipo kwa munthu wa shuga foni yotere ingapulumutse phazi kapena maso. Kusiyana kwake n'koonekeratu: wa kuchipatala amangoti bwerani tsiku lakuti ndi buku lanu, satchula ndalama ndipo sakuuzani zodina. Ulendo wotsatira wa kukiliniki muwaperekeze ngati mungathe. Mukafunse anamwino ngati amaimbira odwala, ndipo ngati amatero, nambala yomwe amagwiritsa ntchito muisunge m'foni ya mayi ndi dzina loti angathe kuliwerenga. Mukapemphenso kalaliki awawerengere zomwe zinalembedwa m'kompyuta, dzina, mudzi, chaka chobadwa ndi mankhwala, kuti ngati pali cholakwika chikonzedwe iwo ali pomwepo.